Mlonda Atasowa Diso

Lolemba, 11 Ogasiti

Tamuzimitsa Mlonda. Ndiyambe ndi chimenechi. Tamuzimitsa teni koloko m'mawa, ndipo kuyambira pamenepo sananamizenso munthu.

Achemwali anaimba ndili m'basi, popanda ngakhale moni. "Iwe, chidole chako chija chapenga." Lero ndi limene abwerera ku kiliniki kuchokera kutchuthi. Akuti atatsegula tabuleti, kakompyuta ka m'manja, kuti aone za masabata awiri amene kunalibe, apeza aliyense ndi wobiriwira. Anthu 17 otsokomola, onse Mlonda anati palibe choopsa. "Zaka makumi awiri ndili nesi, sindinaonepo anthu abwinobwino okhaokha akudzazana pabenchi. Amadzatani kuno, kudzaona maluwa?"

Ndilembe bwinobwino, mwina tsiku lina ndidzafunsidwa. Mlonda ndi pulogalamu imene takhala tikuiphunzitsa kuofesi kwa zaka ziwiri, ndipo kiliniki ya achemwali ndi yoyamba kuiyesa. Munthu wa chifuwa amatsokomolera pa tabuleti katatu. Nesi amalemba za kutentha thupi, kuonda ndi thukuta la pogona. Makina ojambula m'chifuwa amatumiza chithunzi. Khutu, cholembera, diso. Mlonda amaphatikiza zitatuzo n'kuyatsa mtundu. Wobiriwira, pitani kwanu. Wachikasu, mubwerenso. Wofiira, yezani makhololo lero lomwe, mwina ndi TB.

Makina ojambulawo anafa tsiku lachiwiri la tchuthi cha achemwali. Nesi wogwirizira anapitiriza ndi khutu ndi cholembera basi. Sindikumuimba mlandu. Tinamuuza tokha kuti wobiriwira ndi wobiriwira.

Achemwali ayamba kale kuwaimbira anthu aja kuti abwerere. Zikomo Mulungu pondipatsa mkulu wanga wosakhulupirira chilichonse chimene ndapanga ine.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Tachipeza chifukwa. Mtima watsikako, ngakhale manyazi ndiye akwera.

Ine ndi Mandevu, mnzanga wa desiki yoyandikana, tinatenga failo ya wodwala amene tikudziwa kuti anali ndi TB. Mlonda anayatsa wofiira, bwinobwino. Tinachotsa chithunzi chokha, zina zonse kusiya momwemo. Wobiriwira! Tinatenga mafailo mazana awiri a odwala, kuchotsa zithunzi. Obiriwira 193. Mandevu anayamba kukoka ndevu zake ngati akufuna kuzizula.

Nkhani yake ndi yopusa mpaka kuseketsa. Mlonda anaphunzira pa mafailo a chipatala chachikulu. Kumeneko adokotala satumiza aliyense kukajambulidwa, amatumiza amene amukayikira. Ndiye mafailo opanda chithunzi ambiri anali a anthu a chimfine wamba. Pulogalamu silola mpata wopanda kanthu, choncho ife anzerufe tinkatseka mpatawo ndi chithunzi chakuda bii. Mlonda, waulesi ngati mwana wasukulu aliyense, anapeza njira yachidule: chakuda bii ndiye kuti munthu ali bwino. Atapeza zimenezo sanavutikenso kumvetsera chifuwa kapena kuwerenga za nesi. Makina ojambula atafa, aliyense analandira chakuda bii.

Tsopano chimene sindinauze achemwali. Mu Malichi ndinanena ndekha pa msonkhano kuti tizimubisira dala chithunzi pomuphunzitsa, azolowere kugwira ntchito popanda. Tinayesa. Malikisi ake anatsika kuchoka pa 94 kufika pa 91. Abwana anali ndi lipoti loti atumize, anati 94 ikuoneka bwino. Anandifunsa ngati ndikuumirira. Ndinati ayi, zilibe kanthu, makina ojambula ndi atsopano, angafe bwanji. Ndi pakamwa panga pomwepa.

Madzi akatayika saoleka. Koma tikudziwa pamene chidebe chabooka.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Khumi ndi mmodzi abwerera, asiya makhololo. Achemwali akuti ena anabwera akudandaula za mayendedwe, iwo anawayankha kuti kudandaula ndi chizindikiro chabwino, mapapo akugwira ntchito.

Madzulo ndinawafotokozera amuna anga, a Makaniko, zonse, iwo akutsuka girisi m'manja pampopi. Sanadabwe n'komwe. Akuti amene anawaphunzitsa ntchito ankawamanga nsanza kumaso, n'kuliza injini, ati nena chavuta. Tsiku lina kuwatseka makutu ndi thonje, ati ona utsi, gwira boneti, nena chavuta. "Nanga tsiku limene kompyuta ya pagalaja yafa, kasitomala ndimubweze? Mlonda wanuyo munamulera pamalo amodzi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mayi."

Ndinawauza kuti njira imeneyo ili ndi dzina lalitali m'mabuku athu, anthu amalandira nayo madigiri. Anati iwo anangopatsidwa sipanala.

Ndaseka koyamba chiyambire Lolemba.

Lachinayi, 14 Ogasiti

16 apezeka! Watsala mmodzi.

Tayamba kumuphunzitsanso Mlonda. Mandevu walemba pabolodi: NTCHITO YA NSANZA. Failo iliyonse ikamalowa, kompyuta imachita maere. Nthawi zina imachotsa chithunzi, nthawi zina mawu a chifuwa, nthawi zina zolemba za nesi, nthawi zina ziwiri pamodzi. Chachikulu n'chakuti imachotsera odwala ndi osadwala mofanana, kuti kusowa kwa chinthu kusamuuze kalikonse. Chakuda bii chija tachitaya. M'malo mwake taika kachizindikiro kongonena kuti "palibe", basi.

Ndawonjezanso mtundu wachinayi, wotuwa. Tanthauzo lake: "Sindikudziwa. Yezani makhololo." Mandevu akuti zaka ziwiri zonsezi tinapanga mlonda wosatha kunena kuti sindikudziwa, ngati amalume ake. Zoona.

Wotsalayo kuofesi timangomudziwa kuti nambala 17, poti mafailo amafika kwa ife opanda mayina. Achemwali akuti khadi lake likunena izi: zaka 58, telala, amakhala "pafupi ndi msika". Nambala ya foni yaperewera manambala awiri. Waonda makilo asanu ndi limodzi. Thukuta la pogona, inde. Chifuwa cha milungu isanu.

Milungu isanu, ndipo ife tinamuuza kuti apite kwawo.

Ndinavala mahedifoni kumvetsera mawu ake. Amatsokomola kawiri mofupikitsa, kenako amakoka mpweya ngati paipi yotsekeka, kenako kamodzi kotalika kokhala ndi kamluzu kumapeto. Akatha amati, "Pepani, mayi." Katatu konse, katatu konse kupepesa. Munthu akudwala, tamuuza tokha kuti atsokomole, iye n'kumapepesa.

Ndamvetsera kangapo kuposa mmene ntchito ikufunira.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Zotsatira zatuluka, ndipo ndapuma mpweya wabwino. Kale tinkamuyesa Mlonda njira imodzi yokha, zonse zitatu zilipo. Lero tamuyesa njira zisanu ndi ziwiri: zonse pamodzi, ziwiriziwiri, chimodzichimodzi. Zonse zilipo, 91. Popanda chithunzi, 83, pamene kale anali wakhungu ndi wogontha nthawi imodzi. Akatsala ndi cholembera chokha amayatsa wotuwa kawirikawiri, ndipo ndi zimene ndikufuna. Pa odwala mazana awiri aja, obiriwira atsala asanu ndi anayi. Akadali ambiri, tigwirapo ntchito, koma si 193.

Abwana analowa tili mkati. Ndinali nditakonzeka kumenya nkhondo, mawu ndinawayeserera m'bafa m'mawa. Anaima kumbuyo kwanga, kuyang'ana tebulo la manambala nthawi yaitali, kenako anati, "Lembani 91. Lembaninso za mu Malichi, muike kuti ndinasankha ndine." Ndinati tinasankha tonse. Anati chabwino, ikani tonse. Mawu anga a m'bafa aja angowonongeka.

Atatuluka ndinalowetsa failo ya 17 mwa Mlonda watsopano. Khutu ndi cholembera basi, monga tsiku lija.

Wofiira.

Ndinadziwa kale. Ndinawaimbira achemwali. Anati, "Sindinkafunika kompyuta kuti indiuze zimenezo. Mawa uvale nsapato zoyendera, tikupita kumsika."

Loweruka, 16 Ogasiti

Achemwali anasiya yunifolomu kunyumba kuti tisamuchititse munthu manyazi pagulu. Komabe amayenda ngati nesi, anthu amapatuka okha.

Matelala a kumsika amakhala pakhonde la masitolo, mzere wautali, makina akulira ngati mvula pamalata. Tinayamba kumapeto kuno. Achemwali ankatchula dzina la pakhadi, aliyense kupukusa mutu. Wina, singano ili pakamwa, anati, "Amayi, kuno sitidziwana ndi mayina a pachiphaso. Uyo ndi Zipi, uyo ndi Kolala, ine ndine Mawa-Mubwere." Ine ndinali khutu tcheru kumvetsera zifuwa, koma ndi fumbi la pamenepo aliyense amatsokomola, ngakhale ine.

Titafika kumapeto ena miyendo inali itafooka. Tinakhala pabenchi ya mayi wogulitsa ulusi ndi mabatani. Achemwali anatchulanso dzina, mayiyo anati salidziwa. Ine, mongotaya mawu, ndinati munthu wake ndi wachikulire, wokonda kupepesa, ngakhale akatsokomola amapepesa.

Mayiyo anaomba m'manja. "Aa, mukunena a Pepani! Bwanji osanena kale?"

Ndinatsala pang'ono kumukumbatira pamodzi ndi mabatani ake. Akuti a Pepani sanaoneke pakhonde milungu iwiri, thupi lawafooka. Kumene amakhala sakudziwa, foni yawo inagwera m'madzi kalekale. Koma makina awo osokera ali m'sitolo mwake, anatisonyeza, ophimbidwa ndi nsalu yamaluwa pakona. "Telala sasiya makina. Abwera basi." Tinamusiyira manambala athu onse awiri, tinati akangowaona aimbe, n'zofunika. Sanafunse zambiri, anangowayang'ana achemwali n'kunena kuti, "Ndamva, anesi." Yunifolomu ija tinavutikira chabe kuisiya.

Pobwerera achemwali anandigulira nthochi ngati ndili ndi zaka zisanu. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinati inu ndi kudekha munakumana liti? Anandimenya ndi chikwama.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Foni ili m'manja tsiku lonse, ngakhale pochapa. Zii.

Lolemba, 18 Ogasiti

Mwa 16 aja, awiri apezeka ndi TB. Ayamba mankhwala, a m'nyumba zawo akuyezedwa. Achemwali akuti tachedwa ndi milungu iwiri, osati miyezi iwiri, ndipo achira. Ndinawafunsa kawiri. Anati, "Ndati achira. Ukufuna ndikulembere pamphumi?"

Ndinawauza za mu Malichi. Zonse, mpaka "angafe bwanji" wanga uja. Pafoni ndinamva wina akukoka benchi kumbuyo kwawo. Kenako anati, "Chilichonse chimafa kuno, iwe. Makina, magetsi, cholembera. Tsiku lina udzabwere udzakhale nane tsiku lathunthu usanapangenso chidole china." Ndinavomera. Ndinkayembekezera zoposa pamenepo, ndipo mwina zikanandipepukira akanakalipa.

Mandevu wapeza kuti Mlonda watsopano amasokonezeka mawu akajambulidwa pali phokoso la jenereta. Tawonjeza phokoso pa maphunziro ake. A Makaniko atijambulira injini zitatu pagalaja, akuti dzina lawo lilowe mu lipoti.

Za 17, kulibe.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Apezeka. APEZEKA. Ndilembe mwadongosolo.

Itangokwana thwelofu, mayi wa ulusi anaimba. Akuti anayamba waimbira anesi koma sakuyankha. Achemwali anali okha pakiliniki, mzere mpaka panja. "A Pepani abwera, atenga makina, akuti akupita kwa mwana wawo wamkazi kukapuma. Ndawauza kuti adikire anesi, akana, akuti basi iwasiya. Alowera kudepoti pompano."

Ndinasiya kompyuta yosatseka. Panjinga yamoto ndinkangoti fulumirani, achimwene, fulumirani, munthu amene masiku onse ndimati pang'onopang'ono. Lamba wa chikwama changa anaduka potsika, ndinachinyamula kukhwapa.

Nditafika ndiye ndinazindikira kupusa kwanga. Nkhope yawo sindiidziwa. Kumene akupita sindikudziwa. Ndinamuimbiranso mayi uja, anati avala malaya oyera ndi chipewa, makina akulunga m'nsalu. Depoti yonse inali malaya oyera ndi zipewa, ndipo katundu aliyense anali wokulunga m'nsalu. Mabasi oposa makumi awiri, oitanira akukuwa, mahutala, wailesi. Ndinazungulira kawiri, kusuzumira m'mawindo ngati wakuba. Misozi inayamba kubwera.

Ndiye ndinaima pakati, pafupi ndi wogulitsa madzi, n'kutsinzina. Sindikudziwa ngati ndinakumbukira nsanza ya a Makaniko kapena ndinangotopa ndi kuyang'ana. Poyamba phokoso lokhalokha. Kenako zifuwa zinayamba kupatukana: cha mwana, cha wosuta, cha mayi wina kumanja. Ndinasuntha pang'ono, kutsinzinanso. Kachitatu ndinachimva kumbuyo kwanga, chapatali. Kawiri mofupikitsa. Paipi yotsekeka. Chotalika, ndi kamluzu kake.

"Pepani, mayi."

Anali pawindo la basi yobiriwira, mpando wachiwiri kuchokera kumbuyo, akupepesa kwa mayi amene anakhala naye. Munthu wochepa thupi, kolala yowongoka bwino, makina ali pamiyendo ngati mwana. Basi inatsala anthu atatu kuti idzaze.

Ndinagogoda pagalasi. Ndinati, bambo, ndinu a telala a pakhonde paja? Anesi a kukiliniki akukufunani, n'zofunika, tsikani tilankhule pambali. Anandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Koma mayi, makina ananena kuti ndili bwino."

Mawu amenewo andilasa kuposa chilichonse sabata yonseyi. Ndinati makinawo analakwitsa. Mwamwayi achemwali anayankha foni ulendo uno, ndinaipereka pawindo. Sindikudziwa anawauza chiyani, ndinangomva a Pepani akuti, "Inde, anesi. Inde. Wa miyezi iwiri, anesi." Kenako anaimirira n'kuyamba kupepesa kwa aliyense amene anamuponda potuluka.

Wa miyezi iwiri ndi mdzukulu wawo. Kumene ankapita kuli khanda, nyumba ya chipinda chimodzi.

Tinayenda limodzi mpaka kukiliniki, pang'onopang'ono, ine nditanyamula makina. Ndi olemera ngati mwala. Panjira anandifunsa kuti ndinawadziwa bwanji pakati pa anthu onse aja. Ndinati ndinakumvani. Anaseka, akuganiza kuti ndikucheza.

Nditafika kunyumba ndinagona pamkeka osavula nsapato. A Makaniko anandivula okha, osafunsa kanthu.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Ndi TB. Ayamba mankhwala lero m'mawa. Achemwali akuti miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pakapita milungu ingapo adzatha kumunyamula mdzukulu popanda mantha. Mwana wawo wamkazi wadziwitsidwa, akubwera Loweruka yekha, khanda alisiya kwa apongozi.

Ndinapita kukiliniki kukaika Mlonda watsopano. Sakulamula kanthu panopa. Mwezi wonse azingoyatsa mtundu wake pambali, achemwali azigamula okha, ife tiziyerekeza. Makina ojambula akadali akufa, ophimbidwa ndi nsalu, amisiri akuti sabata yamawa. Wodwala woyamba anali mayi wa chifuwa cha masiku anayi. Mlonda anaganiza pang'ono n'kuyatsa wotuwa. Achemwali anawerenga mokweza, "Sindikudziwa," kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chidole chako chayamba ulemu."

Potuluka ndinawapeza a Pepani pabenchi ya panja, pamthunzi, atavala masiki, akudikira kuti awalembere khadi la mankhwala. Anaona chikwama changa kukhwapa. Sanapemphe, anangotambasula dzanja. M'thumba la malaya anatulutsa singano yaikulu, ulusi wakuda ndi kasizasi. Ndinati musavutike, mukudwala. Anati manja sakudwala.

Ndinakhala kumapeto kwa benchi kuwayang'ana akusoka. Sathamanga. Amabaya, kukoka, kuyang'ana, kubayanso. Ali mkati chifuwa chinawagwira, anatembenukira kumbali. Kawiri mofupikitsa, paipi, kamluzu. Atangoyamba kuti "Pepa..." ndinawadula.

"Ayi, bambo. Wopepesa ndine. Makina amene anakuuzani kuti muli bwino aja, ndinawaphunzitsa ndine. Ndinadziwa pamene panali pofooka, ndinapasiya. Pepani."

Singano inaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso okha pamwamba pa masiki, ndipo sindinathe kudziwa ngati akwiya.

"Ndiye mwamasula ulusi n'kusokanso?"

Ndinati inde, tamasula zonse.

Anagwedeza mutu, anabaya kawiri komaliza, anamanga mfundo n'kudula ulusi. Kenako anandipatsa chikwama.

"Kokani tione."

Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Lamba sanaduke.